Manyazi a Kufunsa Anaika Munda Wathu wa Tiyi pa Chikole

Inu owerenga, ndine bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, wopemphera kuyambira ubwana wanga, ndipo kwathu anthu amandidziwa ngati munthu woopa Mulungu. Koma lero ndikuulula pamaso panu kuti ine yemweyo ndinatsala pang'ono kutayitsa munda wa tiyi wa akazi anga. Sizinachitike chifukwa cha mowa, juga kapena chibwenzi chamseri ayi. Chinandigwetsa ndi manyazi ofunsa tanthauzo la mawu awiri a Chingerezi, ndipo manyaziwo ndinawaveka jekete la chikhulupiriro mpaka ine mwini ndinayamba kuwayesa chiyero.

Ndimagwira ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina kuno ku Thyolo, kuyang'anira gulu la othyola tiyi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Chingerezi chimene ndinali nacho chinali cha kumunda basi: kupereka moni kwa amanijala, kuwerenga makilo pasikelo ndi kuvomera zimene akuluakulu alamula. Koma popeza ndinkachilankhula mokweza, ndi liwu lomwe ndimalalikira nalo pamaliro, anthu ankati a kapitawo Chingerezi amachimwa ngati madzi. Ine sindinawatsutse. Zinkandikomera.

Ndinakwatira ku Khwethemule ndipo ndimakhala kwawo kwa akazi anga, monga mwa mwambo wathu. Kuseri kwa nyumba yathu, pamalo otsetsereka, pali munda wa tiyi umene anadzala malemu apongozi anga aakazi. Phata lililonse analithirira ndi madzi osenza pamutu kuchokera kudambo. Mundawo si waukulu, koma ndi umene unkalipira fizi ya mwana wathu wamkazi, Chisomo, kusekondale yogonera komweko. Apongozi atamwalira, nambala ya mlimi, imene timagulitsira masamba kufakitale, inayenera kulembedwa m'dzina lina. Achibale anagwirizana kuti ilembedwe m'dzina langa, poti ine ndiye ndinkadziwa Chingerezi komanso ndinali kale ndi akaunti kubanki. Munda unali wa mbumba, ine ndinangopatsidwa kuti ndisunge. Palibe mkamwini amene sadziwa zimenezi.

Malipiro atayamba kudzera kubanki ndi pafoni, amayi ambiri anavutika. Uthenga wa ndalama umabwera m'Chingerezi, ndiye ankayenda ndi foni m'manja kufuna wowawerengera, ndipo ena ankanamizidwa. Apa m'pamene mayi wina wa mumpingo mwathu, a Namaona, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anapempha chipinda cha Sande sukulu kuti Loweruka masana aziphunzitsamo mawu a Chingerezi okhudza ndalama. Sankalipiritsa kanthu.

Kaphunzitsidwe kawo ndimakasirira mpaka lero. Ankabwera ndi dengu lothyolera tiyi n'kuliika patsogolo. Ankati chilichonse cholowa m'dengumo, kaya malipiro, kaya bonasi, kaya ndalama za nthochi, dzina lake ndi income. Chotulukamo, cha sopo, cha kuchigayo, cha fizi, ndi expenses. Kamene wakakanikiza pansi pa dengu n'kulumbira kuti sukakhudza ndi savings. Ukasuzumira n'kuona chimene chatsala, imeneyo ndi balance. Loan ankati ndi masamba amene watapa m'dengu la mnzako, ndipo interest ndi masamba owonjezera amene udzamuthyolere pobweza, chiwongoladzanja chomwe tonse tikuchidziwa. Amayi amene sanagwirepo choko chibadwire anayamba kuwerenga okha mauthenga a pafoni.

Mayi a Chisomo anali m'gulu la oyamba kulembetsa. Ine ndinayamba kumva kutentha mumtima. Pamsonkhano wa akuluakulu a mpingo ndinaimirira n'kunena kuti nyumba ya Mulungu yasanduka msika, kuti amayi athu akuphunzitsidwa kukonda chuma m'malo mophunzitsidwa kupemphera. Ndinalankhula bwino, ndi mavesi oyalana, ndipo akuluakulu anandimvera. Chipinda chija anachitseka. Koma Mulungu amene amasanthula mitima ankadziwa kuti nkhawa yanga sinali pa nyumba yake. Ndinkaopa kuti tsiku lina akazi anga adzandifunsa tanthauzo la liwu lina, ine n'kukhala kukamwa yasa.

A Namaona sanakangane ndi munthu. Anangosamutsira dengu lawo pakhonde la nyumba yawo, amayi n'kuwatsatira. Akazi anga anandipempha mwaulemu kuti apitirize. Ndinawauza kuti apite ngati akufuna, koma mawu awowo azikawasiya pakhonde pomwepo, asalowe nawo m'nyumba mwanga.

Kuntchito nako mawuwo ananditsatira. Tsiku lina m'mawa, chiperoni chikuwaza, ndinamva a Esinala, mmodzi mwa othyola a m'gulu langa, akukuwira mnzawo kudutsa mizere ya tiyi.

"Iwe Felesiya, balance yako ili bwanji mwezi uno?"

"Yayera ngati dazi la amuna ako!"

"Ndiye uchepetse expenses, mwali. Mandasi onse aja ukudya wekha ngati mbuzi ya pamsika!"

Munda wonse unaphulika ndi phwete. Ine ndinakalipa kuti athyole tiyi, Chingerezi sichilemera pasikelo. Koma chimene chinandiwawa n'chakuti nthabwala yawo iwo ankaimva yonse, ine kapitawo wawo ndinaimva theka.

Mumpingo mwathu munali mnyamata wina wokwatira, amene pano ndimutcha Edisoni. Tinkapemphera limodzi m'mamawa Lachitatu lililonse, ndipo ankanditchula kuti bambo. Ntchito yake pa esiteti inali ya nyengo, mvula ikatha iyenso ntchito yatha. Anaganiza zotenga loni kuti agule njinga yamoto aziyendetsa kabaza. Anandiuza kuti kuofesi ya obwereketsa ndalama ku boma akufuna munthu wodziwika woti amuimire. Ndinavomera msangamsanga. Mumtima mwanga ndinkaganiza kuti ndi monga timachitira polandira munthu mumpingo, wina amaimirira n'kuchitira umboni kuti m'baleyu makhalidwe ake ndi abwino.

Pano ndikufuna mumvetse bwino, inu owerenga, chifukwa sindikufuna kunamizira munthu. Titapita ndi Edisoni kuofesiko, mnyamata wogwira ntchito mmenemo sanandipusitse. Anatilandira m'Chichewa chabwinobwino. Ine, nditavala jekete langa la kutchalitchi, ndinamuyankha moni m'Chingerezi. Poona choncho iye anapitiriza m'Chingerezi, ine n'kumangotola liwu limodzilimodzi ngati nkhuku pa mphale yotayika. Ndinamva akutchula guarantor, kenako collateral. Ayenera kuti anaona nkhope yanga, chifukwa anaima n'kundifunsa kuti, "Bambo, kodi ndibwereze m'Chichewa kuti timvane bwino?" Anafunsa kawiri konse. Edisoni anali pambali panga akundiyang'ana ngati mwana amene wabwera ndi bambo ake odziwa zinthu. Ndinagwedeza dzanja n'kunena kuti apitirize, zonse zikumveka. Atandifunsa ngati ndili ndi katundu wobweretsa ndalama, ndinadzitukumula n'kunena kuti ndili ndi munda wa tiyi, ndipo nambala yake ndinaitchula pamtima. Ndinasaina paliponse pamene analoza.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka, ndinapeza mayi a Chisomo akupeta nandolo pabwalo. Ndinawafotokozera monyadira ntchito yabwino imene ndinagwira. Lichero linaima m'manja mwawo. Anandifunsa ngati ndinaima ngati mboni chabe kapena ngati guarantor, ndiponso ngati panatchulidwa collateral. Mawu omwe aja, akutuluka pakamwa pa akazi anga, pabwalo langa! Ndinapsa mtima n'kuwakumbutsa lamulo langa lija. Iwo anatsitsa lichero pansi, nalankhula motsitsa mawu kuti ana asamve.

"Bambo a Chisomo, pepani ndiphwanye lamulo lanu kamodzi kokha. Guarantor ndi munthu amene walonjeza kuti wokongolayo akalephera, adzabweza ndiye. Collateral ndi chikole. Ngati mwapereka nambala ija, ndiye kuti munda wa amayi uli pa chikole."

Koma pakamwa panga sipanagonje. Ndinawauza kuti Malemba amatilamula kusenzerana katundu, ndipo m'bale mwa Ambuye sangatichititse manyazi. Iwo anandiyankha kuti, "Kusenzerana n'kwabwino, bambo. Koma nkhata yake mwaiika pamutu pa Chisomo." Atatero anatola lichero lawo n'kupitiriza kupeta.

Akanakhala mayi wina, bwenzi usiku womwewo nkhani ili kwa amalume ake, m'mawa ili pachitsime. Iwo sanatero. Sananditukwane, sanandimane chakudya, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso. Anangondiuza poyera kuti kuyambira mwezi umenewo ayamba kusunga. Analowa banki mkhonde ya amayi a pakhonde paja. Akamaliza kuthyola m'munda mwathu ankapita kukathyola ganyu m'minda ya anzathu. Nthochi ndi mapeyala zimene kale tinkangogawa anayamba kusenza kupita nazo kumsewu. Chitenje chatsopano cha amayi a chigwirizano chitabwera, iwo anapitiriza kuvala chakale chofwifwa. Ine ndinkawaseka kuti ali ndi chikhulupiriro chochepa. Lero ndikakumbukira ndimaona kuti amene ankachita zimene Malemba amanena za nyerere yosonkhanitsa chakudya m'chilimwe anali iwo, ine ndinali mlaliki chabe.

Edisoni sanali wakuba, zimenezi ndiyenera kunena. Miyezi yoyamba ankabweza bwinobwino. Koma nthawi ya mvula, pamsewu woterera wotsikira kumtsinje, anagwa ndi njinga. Iye anathyoka mwendo, njinga inaphwanyika kutsogolo konse. Atachira anayesa maganyu, koma ngongole inali itakula kale kuposa mphamvu zake. Tsiku lina tinangomva kuti wawolokera ku Mozambique kwa abale a bambo ake kukafuna ntchito. Sanatsanzike, ndipo ndikudziwa kuti anali manyazi, matenda omwewo amene ndinali nawo ine.

Mauthenga anayamba kugwa pafoni panga. Ndinkangowayang'ana n'kuwafufuta, ngati kuti ngongole imafufutika ndi chala. Kenako ndalama za masamba zinalowa muakaunti n'kutuluka tsiku lomwelo, zonse, eni ngongole atazitenga. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Potsiriza anthu awiri a kuofesi kuja anabwera panjinga, nayenda m'munda mwathu uku akuwerenga mizere, anansi akuonerera. Anatiuza mwaulemu kuti zinthu zikapanda kusintha, munda udzaperekedwa kwa wina kuti azithyola mpaka ngongole itatha. Aliyense wolima tiyi akudziwa chimene chimachitika munda ukakhala m'manja mwa munthu amene si mwini wake. Amathyola mpaka timasamba tanthete, feteleza sathira, kudulira sadulira, ndipo ukamabwerera kwa iwe umakhala utasanduka zitsa.

Nkhani inafika kwa amalume awo a akazi anga, a Nampinga, eni mbumba. Anatiitanitsa pansi pa mtengo wa mapeyala achibale onse alipo. Bambo amenewa ndi anthabwala, koma akakwiya amasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe, ndipo tsiku limenelo moni weniweniyo anapereka m'Chilomwe. Atazizira pang'ono ananditembenukira.

"Akamwini, tikumbutseni. Tsiku lomwe munkabwera m'mudzi muno munanyamula chiyani?"

Ndinayankha kuti sutikesi ndi khasu.

"Sutikesi ndi khasu. Munda wa tiyi sunalimo m'sutikesimo?"

Ndinayankha kuti sunalimo.

"Chabwino. Sutikesiyo ngati ikadalipo, kaipukuteni fumbi."

Palibe anaseka. Ndinali nditaweramitsa mutu, ndikudziwa kuti mwambo uli kumbali yawo ndipo ndilibe vesi loti ndidzitchinjirize nalo. Apo mayi a Chisomo anasendera kutsogolo n'kugwada. "Amalume," anatero, "munda ndi wa amayi, sindingalole kuti upite. Koma awanso ndi amuna anga, sindingalole kuti apite. Tipatseni mpata tikaonane ndi eni ngongole." A Nampinga anati mpata atipatsa, koma wolankhula kumeneko akakhale mwana wa mlongo wawo, mkamwini Chingerezi chake chakwana.

Tinapita kuboma awiriwiri. Ine jekete ndinalisiya. Tinapeza mnyamata yemwe uja, ndipo anandizindikira. Ndinkayembekezera kuti akazi anga anena zoona zake, kuti bambowa anasaina zinthu zimene sankazidziwa. Anali ndi ufulu wonse wotero. Koma anayamba ndi mawu amene sindidzawaiwala mpaka tsiku loikidwa m'manda.

"Achimwene, abambo akunyumbawa andipempha kuti ndifunse mafunso m'malo mwawo, poti ine ndi amene ndimayang'anira za kumunda."

Inu owerenga, ndinali maliseche, iwo anandifunditsa chitenje. Misozi inalengeza m'maso mwanga muofesi ya anthu.

Kenako anayamba kufunsa, m'Chichewa, mawu a Chingerezi akuwaika pamalo pake ngati munthu woyala njerwa. Anapempha kuti awasiyanitsire ngongole yeniyeni imene yatsala, imene anaitchula kuti principal, ndi interest, ndiponso penalty, chindapusa cha kuchedwa. Pamene sanamve ankanena mosabisa kuti sanamve, mnyamatayo n'kubwereza. Atamvetsa zonse anamasula mpango n'kutulutsa ndalama zimene anatenga kubanki mkhonde, thukuta lawo la miyezi yonse ija, n'kunena kuti zimenezi zichotse zotsalira za m'mbuyo. Ndiye anafotokoza za tiyi. Anati tiyi sabereka mofanana chaka chonse, nthawi ya mvula masamba amachuluka, chilimwe munda umagona. Anapempha kuti gawo lobweza pamwezi, limene iwo amati instalment, likhale lalikulu miyezi ya mvula ndi laling'ono miyezi ya chilimwe, ndipo munda ukhalebe m'manja mwathu chifukwa mwini wake ndi amene angaudyetse bwino kuti ngongoleyo ithe.

Mnyamata uja anasangalala ndithu. Anati anthu ambiri zikavuta amathawa kapena kubwera ndi ndewu, ochepa ndi amene amabwera kudzakambirana. Analowa kwa abwana ake, ndipo atatuluka anatiuza kuti pempho lamveka, gawo lina la chindapusa alichotsa. Potsanzikana anandigwira dzanja n'kundiuza chapansipansi kuti, "Bambo, tsiku lija ndinkafuna ndithu kubwereza m'Chichewa." Ndinamuyankha kuti ndikukumbukira, wolakwa sanali iye.

Munda unapulumuka, koma musaganize kuti zinatha mwaulere. Tinabweza ngongole ya njinga imene sitinakwerepo kwa nyengo ziwiri za mvula. Nkhata ija inagweradi pamutu pa Chisomo. Fizi ya sukulu yogonera inatikanika, ndipo anabwerera kunyumba n'kumayenda wapansi ulendo wautali kupita kusukulu yoyendera. Tsiku limene ndinakamutenga, atanyamula matiresi ake pamutu anzake akumuyang'ana pawindo, sanandifunse funso lililonse. Kukhala chete kwakeko kumandilasa mpaka lero. Edisoni amatumiza kangachepe akapeza, ndipo ndinamukhululukira, pakuti ndingamusungire bwanji mangawa ine amene ndinakhululukidwa zazikulu? Nambala ya munda tinakaisintha, tsopano ili m'dzina la mwini wake.

Chimene chimandichititsa mantha ndi ichi. Malemba omwewo amene ndinkawagwiritsa ntchito potseka chipinda chija amachenjeza mobwerezabwereza za munthu wogwirana dzanja pa ngongole ya mnzake mosaganiza. Ndinawerengapo mavesi amenewo kambirimbiri, koma ndinkawadumpha ngati matope, n'kumasankha okhawo ondikweza. Ndinaimiriranso pamsonkhano wa akuluakulu a mpingo n'kuulula kuti ndinawasocheretsa. Chipinda cha Sande sukulu chinatsegulidwanso, dengu la a Namaona linabwerera.

Loweruka lotsatira ndinapita nawo. Ndinalowa n'kukhala pabenchi lakumbuyo, pakati pa amayi omwe ndimawayang'anira kumunda. A Esinala atandiona anaomba m'manja.

"Eee, a kapitawo! Lero sikelo ili ndi ife. Mukalakwitsa tikudulani makilo!"

A Namaona anawaletsa akumwetulira. Sanandikumbutse zakale ngakhale ndi liwu limodzi. Anangondipatsa moni wa ophunzira wina aliyense n'kupitiriza phunziro.

Tsono inu abale ndi alongo, makamaka inu abambo anzanga amene anthu amakuyesani odziwa zonse, ndimvereni. Kudziwa mawu a ndalama si kukonda ndalama. Mlonda amene akudziwa makomo onse a nyumba si wakuba, ndi amene amaiteteza. Ngati kwanu kuli munthu wonga a Namaona, pitani mukakhale pansi, ngakhale ophunzira anzanu akhale amene mumawalamula kuntchito. Akazi anu akafuna kuphunzira musawatsekere khomo, chifukwa mwina dengu limene akuliluka ndi lomwe lidzakuwoleni tsiku lakugwa. Kuthandiza m'bale n'kwabwino ndipo sindikukuletsani, koma muthandizeni ndi chanu, mukudziwa chimene mukulonjeza. Chimene munangopatsidwa kuti musunge musachiike pa chikole. Ndipo musasaine pepala lililonse chifukwa choopa kuoneka mbuli. Wofunsa amachita manyazi kamphindi, ine amene sindinafunse ndinaona mwana wanga atasenza matiresi.

Tsiku loyamba lija, chakumapeto kwa phunziro, a Namaona analemba liwu lina pabolodi n'kufunsa ngati alipo amene sanamve. Ndinamva mtima ukugunda ngati tsiku la ubatizo wanga. Ndinakweza dzanja, amayi onse n'kutembenuka, ndipo ndinanena mawu amene akanapulumutsa fizi ya mwana wanga ndikanawanena muofesi muja: "Aphunzitsi, sindinamve. Bwerezani m'Chichewa."

Kutsogolo kuja mayi a Chisomo sanatembenuke. Ndinangoona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chawo chofwifwa chija.